Ulendo wokapikula ku Joni: phunziro la Covid-19

Amalonda a zovala, nsapato ndi mabulangete ku Manje, Bangwe ndi Ndirande amene amapikula ku Joni amaidziwa njira: Mwanza, Tete, Nyamapanda, Beitbridge. Ndi maiko anayi, lililonse ndi malamulo ake, ndipo mliri ukabuka mpamba umathera panjira pomwepa.

Dziko la South Africa lidatseka malire pa 27 Malichi 2020. Litatsegula pa 1 Okutobala, linkafuna chikalata chosonyeza kuti mulibe Covid-19, chosapitirira maola 72 chiyezetsereni. Vuto lidagona apa: basi imayenda pafupifupi masiku awiri, ndiye mukachedwa pamzere pa Beitbridge, chikalata chinkatha ntchito musanawoloke. Kuyezetsanso kunkadya ndalama ya katundu. Mu Januwale 2021 chipatachi chidatsekedwanso kwa mwezi, ngakhale malole a katundu ankadutsabe.

Kubindikiritsidwa masiku 14 nako kunali kutaya: benchi yotseka milungu iwiri, lendi ndi ngongole ya banki m'khonde zikuwerengabe.

Malamulowa adachotsedwa mu Juni 2022, koma mliri wina ukadzabuka, kumbukirani izi. Musanagule tikiti, funsani malamulo a maiko onse anayi, osati la komwe mukupita lokha. Funsaninso ngati kampani ya basi imabweza ndalama ulendo ukalephereka. Patulani ndalama ya chakudya ndi malo ogona, musaisakanize ndi mpamba. Musanyamuke ndi ndalama ya katapira. Pomaliza, pezani wogulitsa wodalirika amene angakutumizireni katundu palole inu muli konkuno.