Kusaka mawu m'fayilo ya patch: zimene kachizindikiro ka ng' kanandiphunzitsa

Sabata yatha mnzanga amene timamasulira naye pulogalamu ina m'Chichewa adanditumizira fayilo ya patch, nati wakonza kalembedwe ka mawu onse okhala ndi ng'. Mizere inali yambirimbiri, ndipo ine ndinayenera kuvomereza ntchitoyo isanapite kwa anthu. Kuwerenga mzere ndi mzere? Ayi ndithu. Ndinatsegula terminal n'kuitana grep.

Kwa amene simunaonepo patch, ndi fayilo yosonyeza kusiyana kwa zolembedwa zakale ndi zatsopano. Mzere umene wachotsedwa umayamba ndi -, woonjezedwa umayamba ndi +, ndipo umene sunakhudzidwe umayamba ndi mpata. Pulogalamu ya patch adailemba Larry Wall m'zaka za m'ma 1980, pomwe grep ndi ya Ken Thompson, ya pa Unix m'zaka za m'ma 1970. Ntchito ya grep ndi imodzi basi: mumaipatsa mawu, iyo n'kukutulutsirani mizere yonse imene muli mawuwo.

Mukangosaka mawu osaganizira zizindikiro zija, grep imasakaniza zochotsedwa, zoonjezedwa ndi zosakhudzidwa. Mukhoza kumudzudzula munthu pa cholakwa chimene iye wachotsa kale. Choncho timalemba chonchi:

grep -n "^+.*ng'" kumasulira.patch

Chizindikiro cha ^ chikutanthauza poyambira mzere, .* ndi zilembo zilizonse zapakati, ndipo -n imaonetsa nambala ya mzere. Taonani kuti ndatsekera ndi mitengero iwiriiwiri. Malangizo ambiri a pa intaneti amagwiritsa ntchito umodziumodzi, koma kwa ife zimenezo ndi msampha, chifukwa kachizindikiro ka mu ng'ombe kamatseka mawu anu pakati. Terminal imangokhala duu, kukuonetsani > kudikira kuti mumalize. Ine ndinataya mphindi zingapo ndikuganiza kuti kompyuta yafa.

Nditakonza, panatuluka mizere yochepa modabwitsa. Mnzangayo analembera mawu ena pa Word, imene imasintha kachizindikiro kowongoka (') kukhala kopindika (’). Kwa diso langa ndi lanu n'chimodzimodzi, koma kwa grep ndi zilembo ziwiri zosiyana. Mankhwala ake ndi kuika zonse ziwiri m'mabulaketi, "ng['’]", ndipo imagwira kalikonse mwa tiwirito. Vuto lomweli lilinso pa ŵ wa mu Malaŵi, amene akhoza kusungidwa ngati chilembo chimodzi kapena ngati w wotsatana ndi kadenga kake padera.

Chimene chinandiseketsa ndi -w, imene imati isake mawu athunthu okha. Ndinasaka ona, n'kupeza ng'ona! Kwa grep, mawu amapangidwa ndi zilembo, manambala ndi kamzere kapansi, ndiye ikafika pa kachizindikiro kathu imayesa kuti mawu atha. Pa m'mudzi zimathandiza, poti mukasaka mudzi mumaupeza, ndipo pamenepo malirewo ndi oonadi. Koma mu ng'ona mulibe malire, ng' ndi liwu limodzi. Kalembedwe kathu kanapatsa kachizindikiro kamodzi ntchito ziwiri, ndipo grep singathe kuzisiyanitsa pokhapokha inu muiuze:

grep -nw "ona" kumasulira.patch | grep -v "ng['’]ona"

Apa -v imataya mizere yonse imene muli ng'ona. Chenjerani pang'ono, mzere umene muli ona ndi ng'ona pamodzi utayikanso. Patch ija ndinaibweza kwa mnzanga kuti ayambe wawongola tizizindikiro topindika tija.