Pulawo Ilingane ndi Ng'ombe: Kusankha Thabuleti Yojambulira

Alimi a ku Palabana, m'boma la Chongwe, adziwa bwino kuti munthu sagula pulawo asanaone mphamvu ya ng'ombe zake. Dera limeneli linachuka ndi sukulu la ulimi wa ng'ombe za mkaka, ndiponso ndi nchito yoyesa zipangizo zokokedwa ndi ng'ombe. Koma masiku ano makolo ena kumeneko, monganso m'midzi ina, akupemphedwa ndi ana ao cipangizo cimene sicilowa m'munda. Ana aluso lojambula afuna thabuleti yojambulira zithunzi pa foni kapena pa kompyuta.

Pempho lotere si lacibwana. Mu 2023 kampani ya Netflix inayamba kuonetsa kanema wa zithunzi zojambula wochedwa Supa Team 4, nkhani ya atsikana anai a mu Lusaka, imene anaiyambitsa ndi mai wa m'Zambia muno, Malenga Mulendema. Zithunzi za m'mabuku a sukulu, zikwangwani za masitolo ndi mapepala omata pa mabotolo, zambiri zikujambulidwa pa makina tsopano, ndipo ozijambula amalipidwa. Komabe ndalama ya mkaka imabwera pang'onopang'ono, ndipo banja likagula cinthu colakwika, thukuta la miyezi ingapo lapita pacabe.

Mathabuleti ojambulira ali a mitundu iwiri. Mtundu woyamba ufanana ndi sileti limene ana akale anali kulembapo kusukulu. Ndi kathabwa kopanda galasi: munthu amayendetsa colembera pamwamba pake, mzere nuonekera pa galasi la foni kapena la kompyuta. Mtundu waciwiri uli ndi galasi lakelake, kotero kuti cithunzi cimaonekera pomwe pali nsonga ya colembera. Ana ambiri amasirira waciwiriwu, koma mtengo wake uposa wa woyamba kangapo, ndipo kawirikawiri umafunabe kompyuta pambali. Kumisika ya kunja, kathabwa kakang'ono kopanda galasi kamapezeka pa mtengo wosafika madola 50 a ku America, pamene a galasi ambiri amapitirira madola 150.

Funso loyamba la kholo lisakhale la mtengo, koma la cimene thabuletiyo idzalumikizidwako. Payokha siigwira nchito, monga momwe pulawo siyenda popanda ng'ombe. Ngati panyumba palibe kompyuta, pafunika thabuleti imene pa bokosi pake palembedwa kuti imagwirizana ndi foni ya Android. Foniyo nayo iyenera kukhala yolola kapulagi kochedwa OTG, kamene kamalumikiza nthambo ya thabuleti ku foni. Si mafoni onse amene amalola zimenezi. Cifukwa cake ndi bwino kunyamula foni popita ku sitolo mu Lusaka, ndi kupempha wogulitsa kuti ayese pamaso pa wogula ndalama isanatuluke m'thumba. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Funso laciwiri ndi la magetsi. Cilala ca mu 2024 cinacepetsa madzi m'damu la Kariba, ndipo nyumba zambiri zinakhala maora oculuka mu mdima. Thabuleti yopanda galasi imatenga mphamvu yocepa kwambiri kudzera m'nthambo yomweyo, kucokera ku foni kapena kompyuta. Conco banja limene lili ndi sola yochajira foni lili nazo kale zokwanira. Colembera naco cikhale cosafuna batire. Zolembera zotere zimalandira mphamvu kucokera ku kathabwako zikayandikira, ndipo sizifuna kuchaja.

Maina odziwika pa malonda amenewa ndi Wacom ya ku Japan, imene inayamba mu 1983, ndi Huion ndi XP-Pen za ku China, zimene kawirikawiri zimachipirapo. Pa mabokosi ao pamalembedwa manambala monga 2,048, 4,096 kapena 8,192. Manambalawa aonetsa mmene colembera cimamvera kukanikiza kwa dzanja: munthu akakanikiza kwambiri mzere umanenepa, akapepuza umaonda. Wogulitsa angatame nambala yaikulu, koma dzanja la wophunzira silingasiyanitse, ndipo ngakhale yaing'onoyo ikwanira. Malo ojambulapo a mainchesi 6 m'litali ndi 4 m'lifupi ndi okwanira pa foni kapena pa kompyuta yaing'ono.

Cina coyenera kuyang'ana ndi nsonga zapadera. Nsonga ya colembera imatha ndi kukhuzika, monga momwe khasu la pulawo limathera m'nthaka, ndipo bokosi labwino limabwera ndi zosinthira. Wogula thabuleti yogwirapo kale nchito aonetsetse kuti colembera cake cilipo, pakuti ca mtundu wina nthawi zambiri sicigwira. Lisiti nalo lisungidwe. Za mapulogalamu ojambulira palibe cifukwa cotayira ndalama: Krita ya pa kompyuta ndi yaulere, ndipo ibisPaint ya pa foni ili ndi mtundu waulere.

Masiku oyamba amabvuta, cifukwa dzanja limakhala pansi pamene maso ali pa galasi, ndipo mizere imakhota. Apa makolo asafulumire kunena kuti agula cinthu cakufa, ndiponso mwana asataye mtima. Kuona maso a nkhono nkudekha. Pensulo ndi pepala zisaikidwe pambali, pakuti Henry Tayali, mmisiri amene dzina lake lili pa nyumba yoonetsera zithunzi ku Showgrounds mu Lusaka, anamwalira mu 1987 atachuka ndi nchito ya utoto, mtengo ndi citsulo. Mwana amene wadzaza mabuku ndi zithunzi za ng'ombe za m'khola la atate wake waonetsa kale kuti kathabwako sikadzagona m'sutukesi. Galasi lodula adzadzigulira yekha ndi ndalama ya cikwangwani cake coyamba ndi zotsatira zake.