UTOTO WOCHOKERA M'DOTHI: CHUMA CHA MMISIRI WA MATABWA

Aliyense amene anapenyapo amayi akuzira khonde ndi dothi lofiira amadziŵa kuti nthaka ili ndi utoto wake. Chimene ambiri sachidziŵa n'chakuti dothi lomwelo, likakonzedwa bwino, limatha kusandutsa thabwa lotuŵa la paini kapena la malaina kukhala looneka mwaulemu. Nkhani ya lero ikufotokoza kumene mtundu wa dothi umachokera, chifukwa chake susuluka, ndi mmene mmisiri angaugwiritsire ntchito.

Chinsinsi chonse chagona pa chitsulo. M'nthaka muli tizidutswa ta chitsulo timene tinachita dzimbiri kalekale. Dzimbiri limene lili ndi madzi m'kati mwake limapereka mtundu wachikasu, ndipo akatswiri a miyala amalitcha goethite. Limene lilibe madzi limakhala lofiira ngati katondo, ndipo amalitcha hematite. Pakakhalanso mchere wina wotchedwa manganese, dothi limadera n'kukhala loderako ngati khofi wokazinga.

Apa mpamene pali phindu lalikulu. Nsalu yonyikidwa mu utoto wa masamba kapena makungwa imasuluka ikakhalitsa padzuŵa, pakuti kuŵala kumaphwanya utotowo pang'onopang'ono. Koma utoto wa m'dothi ndi chitsulo chimene mpweya ndi mvula zinathana nacho kale. Palibenso china chimene dzuŵa lingachichite. Umboni wake uli m'mapanga a ku Chongoni, m'boma la Dedza, kumene zithunzi zofiira zimene anajambula Akafula zikuonekabe. Malo okwana 127 a kumeneko analembedwa m'kaundula wa UNESCO m'chaka cha 2006. Ku Twin Rivers, kufupi ndi Lusaka, ofukula zakale anapeza timiyala ta utoto timene anthu anatola zaka zoposa 200,000 zapitazo.

Kumaiko a ku Ulaya utotowu unasanduka malonda, ndipo maina ake ena akuchokera ku malo. Utoto wotchedwa sienna unatenga dzina la mzinda wa Siena ku Italy. Woderako uja, umene amautcha umber, umakumbidwa kwambiri pachilumba cha Cyprus. Ku Sweden, nyumba zambiri zamatabwa za kumidzi n'zofiira chifukwa cha utoto wochokera ku zotsalira za mgodi wa mkuwa wa ku Falun. Mgodiwo unatsekedwa m'chaka cha 1992, koma utoto wake ukupangidwabe.

Tsono dothi limakonzedwa motani? Dothi lokumba lili ndi mchenga ndi zinyalala, ndipo likapakidwa chomwecho limakanda thabwa. Choncho mmisiri amayamba waliumitsa, kulisinja mumtondo ndi kulisefa. Kenaka amalithira mu ndowa ya madzi n'kulivundula kwambiri. Mchenga, pokhala wolemera, umamira msanga. Madzi amatope otsala pamwamba amaŵatsanulira m'chotengera china n'kuŵasiya usiku wonse kuti adikhe. M'maŵa amakhetsa madzi oyera, ndipo phala losalala lotsala pansi amaliyanika, n'kulipera pamphero kufikira litasalala ngati ufa woyera. Umu ndi mmene ankachitiranso anthu a ku Roussillon, ku France, kungoti iwo ankagwiritsa ntchito maiŵe aakulu.

Moto nawonso uli ndi gawo lake. Woumba njerwa amadziŵa kuti zidina zotuŵa zimatuluka mu uvuni zili psuu! Chimodzimodzi, ufa wachikasu ukakazingidwa m'phale mpaka kutentha kufika pafupifupi madigiri 300, madzi a m'kati mwake amachoka ndipo umafiira. Motero dothi limodzi likhoza kupereka mitundu iŵiri kapena itatu.

Komatu ufawu pawokha sungagwire pathabwa. Susungunuka ngati mchere. Umangoyandama, ndipo madzi akauma umayoyoka. Pafunika choumatira, ndipo chodziŵika kwambiri ndi mafuta a linisidi, amene amagulitsidwa m'masitolo a zipangizo zomangira. Mafutaŵa amalimba akakumana ndi mpweya. Mafuta ophikira sayenera konse, pakuti sauma ndipo amangoitana fumbi. Mmisiri amasakaniza ufa pang'ono ndi mafutawo kufikira zibuma zonse zitatha, n'kuthirako tapentaini kuti utoto upepuke. Akasalaza thabwa ndi sandipepa, amapaka ndi kansanza, amadikira mphindi zoŵerengeka, kenaka amapukuta wotsala motsatira mizere ya thabwalo. Ufa umatsalira m'timaenje ta mtengo, ndipo mizere ija imaonekera bwino. Kumapeto kwa thabwa, kumene sowo inadula, kumamwa utoto wambiri n'kuda kuposa kwina. Paini nayenso amakonda kuchita maŵanga. N'chifukwa chake mmisiri wanzeru amayesa kaye pa kachidutswa kotsala. Utoto ukauma, pamwamba pake amapakapo vanishi kapena mafuta enanso.

Pali machenjezo atatu. Loyamba, nsanza zonyoŵa ndi mafuta a linisidi zikaunjikidwa pamodzi zimatentha zokha, ndipo zikhoza kuyaka usiku popanda woyatsa. M'shedi yodzala ndi utuchi zimenezi n'zoopsa. Nsanzazo aziziyanika panja chimodzichimodzi kapena kuzimiza m'madzi. Lachiŵiri, fumbi la dothi louma limawononga mapapo, choncho popera ndi bwino kunyoŵetsa ufawo kapena kutseka mphuno ndi pakamwa. Lachitatu, utotowu suthamangitsa chiswe kapena anankafumbwe a m'matabwa. Ntchito yake n'kukongoletsa ndi kutchinjiriza thabwa kudzuŵa.

Masiku ano mbaŵa ndi mlombwa zikusoŵa m'nkhalango, ndipo mitengo yake pamsika yakwera. Mmisiri amene wadziŵa kukometsa matabwa a mitengo yobzala amapulumutsa mitengo yachilengedwe, ndiponso amathandiza banja losauka kukhala ndi mpando wooneka bwino. Koma luso limeneli liyende ndi chilungamo. Paini wopakidwa katondo akadali paini, ndipo womugulitsa pamtengo wa mbaŵa amadya kamodzi kokha, pakuti mbiri ya mmisiri imayenda msanga kuposa mipando yake. Wogula naye asachite manyazi kutembenuza tebulo n'kuyang'ana kunsi kwake, kumene utoto kaŵirikaŵiri sufika.