Makina osema chitsulo pomvera manambala

Shafiti ya chigayo, pini ya pampu ya pamjigo, bawuti ya gudumu la lole, zonsezi zimatha kudutsa pa makina otchedwa lathe zisanafike kwa ozigwiritsa ntchito. Chitsulo chimamangidwa m'nsagwada za chuck, mota n'kuchizunguza mwaliwiro, mpeni wolimba n'kuyandikira kudzachisenda pang'onopang'ono ngati mmene munthu amasendera chinangwa. Chimene chimazungulira ndi chitsulocho, osati mpeni.

Pa lathe yamanja, mmisiri amasuntha mpeniwo popukusa timagudumu tiwiri, diso lili pa chitsulo, khutu lili pa kaliridwe kake. Pa lathe ya CNC, yoyendetsedwa ndi kompyuta, ntchito yopukusayo yaperekedwa kwa mamota aang'ono otchedwa servo. Iliyonse imazunguza ndodo yamazinga yomwe mkati mwa nati yake mumagubuduzika timipira tachitsulo kuti pasakhale kugwedera. Kachipangizo kena kamawerenga mmene motayo yazungulirira n'kuuza kompyuta, nayo imakonza pomwepo ngati mpeni watsalira kapena wapitirira. Pa lathe wamba ya CNC mpeni umayenda njira ziwiri basi: Z motsata kutalika kwa chitsulo, X molowa kukachepetsa kunenepa kwake. Makina ambiri amalandira lamulo losuntha ndi 0.001 ya milimita, pomwe tsitsi la munthu limanenepa pafupifupi 0.07.

Nzeruyi inayambira ku America cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, pamene John Parsons ndi Frank Stulen a ku Traverse City ankawerengera mapangidwe a mapiko a helikoputa ndi makadi obowola. Asilikali a m'mlengalenga a dzikolo anaikapo ndalama, ndipo mu 1952 sukulu ya MIT inaonetsa makina odula chitsulo omvera tepi yamabowo. Tepi inatha, koma malamulo oyendetsera makinawa, otchedwa G-code, akadalipo. G00 ndi kuthamanga osadula, G01 ndi kudula mzere wowongoka, G02 ndi G03 ndi kudula mokhota, M03 imayatsa spindle yozunguza chuck, M08 imatsegula madzi oziziritsa.

Lamulo lomwe limaonetsa bwino phindu la kompyuta ndi G96. Mpeni wa carbide umadula bwino chitsulo chofewa ngati chikuudutsa pa liwiro la mamita pafupifupi 200 pa mphindi. Ndodo yonenepa mamilimita 50 iyenera kuzungulira maulendo 1,270 pa mphindi kuti ifike pa liwiro limenelo. Ikasendedwa n'kufika pa 25, maulendowo ayenera kukwera kufika pa 2,550. Mmisiri wa pamanja amaimitsa makina n'kusintha magiya. G96 imakweza liwiro yokha mpeni ukamalowa, ndipo chitsulo chimatuluka chosalala paliponse. Koma pali ngozi. Mpeni ukamayandikira pakati penipeni, masamuwo amafuna liwiro lopanda malire. N'chifukwa chake pamakina oyendera kompyuta ya Fanuc wolemba pulogalamu amatsogoza G50, kuikiratu malire a spindle. Akaiwala, nsagwada za chuck zimatha kumasuka chifukwa cha liwiro, chitsulo n'kuvukuka kukamenya chitseko.

Pogula makinawa, pepala la wogulitsa limadzaza manambala, koma ofunika kuyamba nawo ndi ochepa. Tengani Haas ST-20, yopangidwa ku Oxnard m'chigawo cha California: chuck ya mamilimita 210, spindle yofika maulendo 4,000 pa mphindi, mota ya 14.9 kW, ndi turret yonyamula mipeni 12 yomwe imatembenuka yokha kusankha wofunika. Mng'ono wake ST-10 imafika 6,000, koma chuck yake ndi yaing'ono. Liwiro lalikulu sikuti ndiye makina abwino. Wosema mashafiti akuluakulu amafuna mphamvu yopotokola pa liwiro lochepa, bowo la spindle lokwanira kulowetsa ndodo zake, ndi kutalika kokwanira pakati pa chuck ndi tailstock yochirikiza nsonga ina ya chitsulo. Asanasaine chilichonse, afunsenso za magetsi a three phase osasinthasintha, ndiponso amene adzakonze makinawo akadzazima.

Ine sindigwirizana ndi amene amati CNC yachotsa mmisiri ntchito n'kusiya wongodina batani. Makinawa sadziwa kutalika kwa mpeni umene waikidwa. Munthu ndiye amaukhudzitsa pachitsulo n'kulemba muyeso wake, wotchedwa offset. Sadziwa kuti nsonga yayamba kutha. Munthu amayeza ndi micrometer, n'kupeza kuti chitsulo chanenepa ndi 0.02, n'kuchotsera pa X. Chitsulo nachonso chimafutukuka chikatentha, mita imodzi imatalika pafupifupi 0.012 ya milimita pa digiri iliyonse, moti chimene chayezedwa chili chamoto chimadzachepa chikazizira. Ndiye amisiri ochenjera amayamba ayendetsa spindle kwa mphindi zingapo m'mawa, ndipo pulogalamu yatsopano amaiyesa mzere umodziumodzi, chala chili pa batani loimitsira.

Pamene CNC imapambanadi ndi pa kubwereza. Pini yoyamba ikatuluka bwino, ya nambala 500 imafanana nayo. Koma wobwera ndi shafiti imodzi yothyoka ya chigayo, alimi akudikira ndi matumba a chimanga panja, nthawi zambiri amathandizika msanga pa lathe yamanja, chifukwa kulemba pulogalamu ndi kutchera mipeni kungadye nthawi yoposa ya kusemako.