Kachilonda ka Paphazi mwa Odwala Matenda a Shuga

Amayi, pamene mwabwera ndi mwana ku sikelo, kumbukiraninso akuluakulu amene mwawasiya kunyumba. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo wa chaka cha 2009 adapeza kuti mwa Amalawi 100 alionse a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi 6 adali ndi matenda a shuga. Chimodzi mwa zinthu zimene zimagoneka odwala otere m'chipatala kwa masabata ambiri ndi chilonda cha paphazi.

Chilondachi chimayamba bwanji?

Shuga akachuluka m'magazi kwa zaka zambiri amaononga mitsempha imene timamvera ululu. Mapazi amachita dzanzi, kotero kuti munthu angathe kulasidwa ndi munga kapena chitsa kumunda osamva kanthu. M'miyezi yozizira ya June ndi July ena amapsa pootha moto, osadziwa. Nayonso mitsempha ya magazi imachepa mpata, ndipo chilonda chosalandira magazi okwanira sichipola msanga. Tizirombo tikalowamo, chimachita mafinya, chimanyeka mpaka kufika pafupa. Pamenepo madokotala amakakamizika kudula chala, phazi, mwina mwendo umene kuti apulumutse moyo.

Zikatero banja lonse limavutika. Amene amakadikirira wodwala kuchipatala nthawi zambiri ndinu amayi, uku munda ukulowa thengo, ana ali okha.

Zoyenera kuchita kunyumba

1. Yang'anani mapazi a wodwala tsiku lililonse, pansi pake ndi pakati pa zala. Iye mwini mwina sakumva kanthu, mwinanso maso ake saona bwino.
2. Asambe mapazi ndi sopo ndi madzi ofunda. Yambani mwayesa madziwo ndi chigongono chanu. Apukute bwino pakati pa zala.
3. Adzole mafuta pa zikang'a, koma osati pakati pa zala.
4. Asayende wopanda nsapato, ndipo azikutumula nsapatozo asanavale.
5. Musatemere mphini pamwendo, musasepe khungu louma ndi lumo, ndiponso musathire zitsamba kapena phulusa pachilonda.
6. Amwe mankhwala kapena kubaya insulin monga adamuuzira kuchipatala, ndipo aleke fodya.

Nthawi yothamangira kuchipatala

Mukaona thuza, chilonda ngakhale chaching'ono, kutupa, kutentha kwa phazi, mafinya, fungo kapena chala chimene chayamba kuda, pitani naye tsiku lomwelo. Musadikire kuti amve kuwawa, pakuti mwina sadzamva konse. Yambirani pa chipatala chimene muli nacho pafupi, monga cha Chitedze, Kabudula kapena St Gabriel's ku Namitete. Kukafunika, adzamutumiza ku Kamuzu Central Hospital mumzinda wa Lilongwe.

Chilonda chofika nacho msanga kawirikawiri chimangofuna kutsukidwa, kumangidwa, mankhwala ndi kupumitsa phazi. Monga muyang'anira thupi la mwana pomusambitsa, yang'ananinso mapazi a agogo ake madzulo ano.