Kudzichepetsa pamaso pa Mulungu kumadutsa pakhomo la amene tinamulakwira

Kumudzi kuno mphunzitsi wa sekondale ndi munthu wolemekezeka. Kutchalitchi amatipatsa mpando wakutsogolo, pamaliro amatipempha kuwerenga uthenga, ndipo abusa akapita kukatumikira kwina, ulaliki umagwera ife. Ulemuwu ndi wokoma, koma ine unatsala pang'ono kundipweteka.

Temu yatha ophunzira anga a Fomu 3 anasonkha K18,000 yoti tichititse fotokope mapepala a mayeso akale a MSCE. Ndalamazo ndinaziika mu envulopu, koma patapita masiku awiri envulopuyo inasowa. Maganizo anga anathamangira kwa mnyamata wina wamasiye amene anasesa mu ofesi ya aphunzitsi m'mawa umenewo. Anakana mpaka misozi, koma sindinamumvere. Ndinamupatsa chibalo chokumba dzenje la zinyalala, ndinaitanitsa agogo ake, ndipo anzake anayamba kumutcha wakuba.

Patatha milungu iwiri, Loweruka usiku, ndinakhala pansi kukonza ulaliki wa mawa lake. Pofuna cholembera ndinapisa dzanja m'kathumba kam'kati mwa chikwama changa, ndipo ndinatulutsa envulopu ija, ndalama zonse zili momwemo.

Mawu amene ndinkakonza anali a pa Luka 18:9-14, fanizo la Mfarisi ndi wamsonkho amene anapita kukapemphera ku Kachisi. Mfarisi sankanama. Ankasaladi kudya kawiri pamlungu ndipo ankaperekadi chakhumi. Vuto lake linali loti anabwera kudzawerengera Mulungu zabwino zake, akuloza chala mnzake. Wamsonkho, wa gulu lomwe Ayuda ankadana nalo chifukwa chotolera ndalama za Aroma, anaima patali nadziguguda pachifuwa kupempha chifundo. Yesu akuti amene anabwerera kwawo atalandiridwa ndi wamsonkhoyo.

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Njira yachidule inalipo: kungolengeza Lolemba kuti ndalama zapezeka, osanena kumene zapezeka. Anthu akanaganiza kuti mnyamatayo wabweza mobisa, dzina langa n'kukhalabe loyera. Ndinagwada kupempha Mulungu kuti andikhululukire, koma pemphero langa linkangozungulira m'chipindamo. Ndinakumbukira kuti pa Mateyu 5:23-24 Yesu amalamula wopereka nsembe kuti ayambe wakayanjana ndi m'bale wake, nsembeyo aipereke pambuyo.

M'mamawa ndinapalasa njinga kupita kwa agogo aja. Anandiyalira mphasa ali ndi mantha, poganiza kuti mdzukulu wawo wapalamulanso. Ndinati, "Agogo, ndabwera kudzapepesa. Mwana wanu sanabe. Ndalama ndinaziiwala ndekha m'chikwama." Anakhala chete kwa kanthawi, kenaka anati, "Aphunzitsi, ine ndinkadziwa kuti sanabe, koma mawu anga akanapambana bwanji anu?"

Funso limenelo likundilasabe mpaka lero. Timati wamkulu salakwa, ndipo mawuwa apweteketsa ana, antchito ndi akazi amasiye ambiri amene alibe wowayankhulira.

Lamulungu limenelo ndinalalikira mwachidule, ndipo ndinauza mpingo kuti Mfarisi wa m'fanizolo ndinali ine. Lolemba ndinaima pa asembule n'kuyeretsa dzina la mnyamatayo pamaso pa sukulu yonse. Musaganize kuti zinathera pomwepo. Kwa milungu ingapo ankandizemba, ndipo mpaka pano sakweza dzanja m'kalasi mwanga monga kale. Kupepesa sikufafaniza chipsera tsiku limodzi.

Abale anga, kugwada m'tchalitchi n'kosavuta chifukwa onse amagwada. Kunena kuti ndife ochimwa n'kosavutanso tikapanda kutchula tchimolo. Mtima woona umaoneka pamene tchimo lili ndi dzina, tsiku ndi munthu amene linamupweteka, makamaka munthuyo akakhala wotichepera. Aphunzitsi anzanga, akuluampingo, mafumu ndi makolo, tisanaimike manja kumwamba Lamulungu likubwerali, tidzifunse ngati palibe pakhomo pamene tiyenera kuyamba taodira.