Gasiketi yatsopano kupsanso: vuto limayambira pa kamangidwe ka mabawuti a mutu wa injini

Nyengo yogulitsa zokolola ikafika, kuyambira pa fodya ndi thonje mpaka pa nandolo, magalimoto a Hilux, Dyna ndi Canter sapuma pa msewu wa N13 wochokera ku Cuamba kudzera ku Mandimba ndi Ngauma kukafika ku Lichinga. Amasenza matumba mopitirira muyeso, nthawi zina anthu atakhala pamwamba pa katunduyo, ndipo kuchoka ku Mandimba kulowera ku Massangulo msewu umayamba kukwera mpaka ku Lichinga, mzinda umene uli pamtunda wa mamita oposa 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere. Dzuwa la mu Okutobala likawonjezera, si zachilendo kupeza galimoto itaima m'mbali mwa msewu, boneti ili yasa, nthunzi ili tolotolo.

Ambiri mwa magalimoto otere amakathera kwa makaniko kukasintha gasiketi ya mutu wa injini, imene m'magalaja a kuno amaitchula kuti junta. Chimene chimawawa eni ake n'chakuti pakangotha milungu iwiri kapena itatu, madzi amayambanso kutha mu radiyeta, utsi woyera n'kumatuluka, oyilo n'kusanduka ngati tiyi wamkaka. Mlandu umagwera wogulitsa sipeya, amvekere anapereka gasiketi yabodza. Zabodzazo zilipodi pamsika. Koma kawirikawiri gasiketi imakhala ilibe mlandu, cholakwika chimakhala mmene mabawuti anamangidwira.

Injini ili ndi zigawo ziwiri zikuluzikulu. Pansi pali buloko, momwe mumayenda mapisitoni, ndipo pamwamba pali mutu, momwe muli mavavu. Pakati pa ziwirizi pamagona gasiketi, yopyapyala, yosafika mamilimita 2, koma ntchito yake ndi yolemetsa: kutsekera moto m'masilinda, komanso kulekanitsa njira za madzi ndi njira za oyilo kuti zisakumane. Mu injini za dizilo za Toyota 3L ndi 5L, zomwe zili m'ma Hilux ndi ma Hiace ambiri onyamula anthu m'chigawo chino, mpweya umapanikizidwa pafupifupi ka 22 dizilo asanayake. Akayaka, mphamvu yake imakankha pisitoni pansi komanso imayesa kunyamula mutu m'mwamba, ndipo zimenezi zimachitika kambirimbiri pa sekondi iliyonse. Chogwira mutuwo ndi mabawuti basi.

Bawuti ya mutu imagwira ntchito ngati legeni. Ikamamangidwa imatamuka pang'ono, mwakuti maso sangaone, ndipo kufuna kwake kubwerera m'malo n'kumene kumapanikiza mutu pa gasiketi. Ikatamuka mosakwanira, moto umapeza mpata n'kuyamba kunyambita gasiketi. Ikatamuka mopitirira, imafooka, imaduka kapena imazula mazinga a mu buloko. Ndipo mabawuti ena akalimba kuposa anzawo, mutu umapindika, n'kusiya malo ena opanikizika, ena otayirira. N'chifukwa chake opanga injini amalemba zinthu zitatu m'buku la injini iliyonse: mphamvu yomangira, bawuti yoyambira ndi yotsatira, ndiponso maulendo angati omangira.

Mphamvu yomangirayi amayeza mu N·m. Kwa 3L ndi 5L, zomwe zili ndi mabawuti 18, buku la Toyota limati amangidwe mpaka 78 N·m, kenako iliyonse izunguliridwe madigiri 90, kenako madigiri 90 enanso. Nambala ya 78 N·m ikhoza kumveka ngati ya m'kalasi, koma ndi yosavuta kuiona. Ndi mphamvu yofanana ndi kukoleka chigubu cha malita 20 a madzi kumapeto kwa sipanala yotalika masentimita 40 itagona chopingasa. Tsono munthu wa makilogalamu 60 akalowetsa paipi ya mita imodzi ku sipanala n'kuitsamira ndi thupi lonse, monga zimachitikira m'magalaja ambiri apansi pa mtengo, amaika mphamvu yoyandikira 590 N·m, kuposa ka 7 pa zimene bukulo likufuna pa gawo loyamba. Dzanja, ngakhale la makaniko wa zaka zambiri pantchito, silingabwereze mphamvu imodzimodzi pa mabawuti 18 motsatizana, chifukwa limatopa.

Chida choyezera ndi sipanala imene ku Malawi amaitcha torque wrench, kuno chave dinamométrica. Ina imalira kuti "ke" ikafika pa nambala yoikidwa, ina ili ndi muvi wosonyeza. Pamafunika kusamala poiwerenga, pakuti zobwera kudzera ku Chiponde kapena ku Nampula zimakhala ndi miyeso yosiyana. Mphamvu imodzimodzi ya 78 N·m imalembedwanso kuti 8 kgf·m kapena 58 ft-lb. Woika 78 pa mzere wa ft-lb amakhala wadutsa kale 100 N·m osadziwa. Ikalira kamodzi, ntchito ya bawutiyo yatha. Chizolowezi choiliritsa kawiri kapena katatu "kuti zitsimikizike" chimangowonjezera mphamvu imene sinapemphedwe.

Nambala ya injini ina siyenera kubwerekedwa pa ina, ngakhale zonse zikhale za Toyota. Injini ya 1KZ-TE, ya m'ma Prado ndi ma Hilux Surf, ili ndi mutu wa aluminiyamu ndipo imayambira pa 39 N·m pokha isanazunguliridwe madigiri 90 kawiri. Imeneyi ndi theka la nambala ya 5L. Makaniko woloweza nambala imodzi n'kumaigwiritsa ntchito pa galimoto iliyonse yolowa pabwalo pake akuika pachiswe katundu wa eni. Nambala ya injini imadindidwa pa buloko, ndipo masiku ano mabuku a injini zofala amapezeka pa foni.

Funso limene ambiri amafunsa ndi lakuti madigiri 90 aja ndi a chiyani, poti sipanala yoyezera yalira kale. Yankho lili m'mazinga. Pa mphamvu yonse imene dzanja limaika pa bawuti, pafupifupi magawo 9 mwa 10 amathera pa kukhulana kwa zitsulo m'mazinga ndi pansi pa mutu wa bawuti. Gawo limodzi lokha ndi limene limatamula bawutiyo. Choncho bawuti ya dzimbiri ndi bawuti yoyera, zikamangidwa pa nambala imodzi, sizipanikiza mofanana, yadzimbiriyo imaliritsa sipanala isanagwire n'komwe. Koma kuzungulira kota ya mzungulire kumalowetsa bawuti mtunda womwewo, kaya mazinga ndi oterera kapena ayi. Sipafunika chida chodula pamenepa. Makaniko amadontheza penti kutsogolo kwa mutu wa bawuti iliyonse, ngati muvi wa wotchi uli pa 12. Ulendo woyamba amafikitsa kadontho konse pa 3, motsatira ndondomeko ija, ulendo wachiwiri pa 6. Pomaliza madontho onse 18 ayenera kuyang'ana kumbuyo kwa injini. Mwini galimoto, ngakhale sanagwirepo sipanala, akhoza kuima pambali n'kuwerenga yekha, ndipo bawuti yoiwalika imaonekera pompo.

Ndondomeko yake pa injini zambiri za masilinda anayi imayambira pakati pa mutu n'kumatuluka mosinthanasinthana, kumanja ndi kumanzere, kulowera kumapeto onse awiri. Zili ngati kuyala mphasa yopindika: woyambira m'mphepete amatsekera linya pakati. Ndipo 78 N·m ija safikapo ulendo umodzi, amayamba pang'ono n'kuzungulira mabawuti onse kangapo. Pomasula amachita mosemphana, kuyambira kunja kulowera pakati, pang'onopang'ono, injini itazizira. Apa m'pamene changu chimawonongetsa. Galimoto yafika ikuwira, mwini wake akufuna ibwerere kumsika mawa, anyamata n'kuyamba kumasula ikadali yotentha. Mutu umene unali wowongoka umapindikira pomwepo, makamaka wa aluminiyamu.

Mabawuti asanalowe pali ntchito yotopetsa imene ambiri amailumpha. Mabowo a mabawuti mu buloko ndi otseka pansi, ndipo pochotsa mutu mumagwera madzi ndi oyilo. Madzi sapanikizika. Bawuti ikamangidwa pamwamba pa madziwo, sipanala imalira ngati zatheka pomwe mutu sunapanikizidwe, mwinanso buloko n'kung'aluka, ndipo apo ndiye kuti injini yonse yapita. Mabowo ayenera kuumitsidwa ndi pampu ya mpweya kapena kansalu kokulunga pa waya, mazinga n'kutsukidwa mpaka bawuti izilowa ndi zala. Kenako pamazinga ndi pansi pa mutu wa bawuti amapakapo oyilo wa injini pang'ono chabe, ngati buku latero, osati kuviika.

Nkhope ya mutu ndi ya buloko zimapalidwa mpaka zotsalira za gasiketi yakale zitatha, kenako n'kuyezedwa ndi chitsulo chowongoka ndi timapepala tachitsulo toyezera mpata. M'mainjini ambiri mpata wololedwa supitirira mamilimita 0.2, ngati mapepala awiri a m'kope. Ukapitirira, mutu umayenera kukasalazidwa pa makina m'mizinda ikuluikulu monga Nampula kapena Blantyre, apo ayi kusinthidwa. Ulendowo ndi wodula ndipo umadya masiku, n'chifukwa chake ena amangopaka silikoni n'kumanga mwamphamvu kuti mutu "ugone". Sugona. Silikoni sapirira moto wa mu silinda, ndipo gasiketi za masiku ano zinapangidwa kuti ziikidwe zouma. Pa dizilo pali kanthu kenanso: gasiketi za injini imodzi zimabwera zosiyana makulidwe, zodziwika ndi chilembo kapena timano ta m'mphepete, malinga ndi mmene pisitoni imatulukira pamwamba pa buloko. Ndi bwino kupita kusitolo ndi yakale m'manja.

Mabawuti omangidwa ndi madigiri amatamuka kufika pafupi ndi malire awo, ndipo ena sabwereranso pa msinkhu wake wakale. Opanga ena amati atayidwe akagwira ntchito kamodzi, ena amalola kuwabwezera atayezedwa. Bawuti yoonda penapake, yadzimbiri lodya chitsulo kapena yotalika kuposa inzake yofanana nayo si yobwezeranso. Poyerekeza ndi mtengo wa mutu watsopano, kapena ndi matumba a nandolo amene angatsale m'mudzi mtengo uli bwino, seti ya mabawuti ndi ndalama yochepa.

Nkhaniyi si ya magalimoto okha. Injini za dizilo za silinda imodzi zoyendetsa zigayo ndi mapampu a m'madimba, komanso njinga zamoto za kabaza, nazo zili ndi mutu ndi gasiketi. Pomwe pali manati anayi amamanga mopingasa, iyi kenako ya kutsidya lake, pang'onopang'ono. Pa injini zakale zotere gasiketi ndi yofewa ndipo imaphwa ikatenthedwa koyamba, choncho mabuku ake amati manatiwo abwerezedwe injini itagwirako ntchito, mavavu n'kuyezedwanso mpata. Mabawuti a madigiri okha sabwerezedwa, akamangidwa amasiyidwa.

Gasiketi siipsa popanda chifukwa, ndipo ngati chimene chinatenthetsa injini sichinapezeke, yatsopanoyo idzatsata inzake ngakhale mabawuti atamangidwa bwino motani. M'maboma a Mandimba ndi Ngauma madalaivala ambiri amathira mu radiyeta madzi a pachitsime kapena a mumtsinje, amene amasiya matope ndi dzimbiri m'timapaipi take. Ena amachotsa thermostat poganiza kuti injini izizizira bwino, pomwe pa injini zina kutero kumasokoneza kayendedwe ka madzi. Chivindikiro cha radiyeta chotha mphamvu, lamba wa fani wotayirira ndiponso mankhusu otseka nkhope ya radiyeta m'nyengo yopuntha ndi zina zofunika kuona galimoto isanatuluke pagalaja. Ikatuluka, m'mawa uliwonse kwa sabata yoyamba, injini isanalizidwe, dalaivala ayenera kutsegula chivindikiro n'kuona ngati madzi atsika, n'kusolola chitsulo choyezera oyilo kuona mtundu wake. Akaona thovu likubwatuka mu radiyeta injini itangolira kumene, abwerere nayo kwa makaniko tsiku lomwelo asanakweze thumba ngakhale limodzi.